Arobaini ya Amayi Inandipeza pa Bwalo la Mpira

Dzina langa litatuluka pa lotale ya ziphaso zopitira ku Amereka, sindinafunse nzeru kwa munthu. Ndinali nditatopa ndi kuchapa nsalu zapabedi pa resitihausi ina ku Balaka, malipiro ake otha mwezi usanafike pakati. Ndinakwera minibasi kukatsanzika amayi kumudzi, kuseri kwa Ntaja. Anandigwira dzanja osafuna kulisiya.

"Ajende chenene, Amidu," anatero m'Chiyao, kundifunira ulendo wabwino. "Koma mwana wamwamuna ndili naye ndiwe wekha. Usakazolowere kumeneko."

Kumeneko ntchito imene inandipeza ndi yomwe ija ya ku Balaka, kuchapa. Kusiyana kwake kunali koti tsopano ndinkachapira timu yaikulu ya mpira wawo uja wooneka ngati papaya, womwe amaunyamula m'manja n'kumagundana ngati nkhosa zamphongo, atavala zipewa zonga za panjinga yamoto. Majezi ankabwera onunkha thukuta ndi matope, ena a magazi. Kumudzi anangomva zoti ndili mu timu, basi nkhani inafala kuti mwana wa Abiti Saidi ndi kochi. Sindinavutike n'kuwongola.

Ndinkasungulumwa koopsa. Munthu unkatha sabata osamva wina akutchula dzina lako molondola. Mauthenga a mchemwali wanga Asiyatu ndiwo ankandisunga, ngakhale ambiri anali a feteleza ndi mankhwala a amayi. Ndinkatumiza zonse zotsala ndikalipira chipinda, moti m'thumba simunkagona kanthu.

Mpira wawowo umayamba mu Seputembala n'kutha kumayambiriro kwa Januwale. Matimu ochita bwino okha ndiwo amapitirira ku ndime ya chipulula, komwe wogonja amalongedza n'kumapita kwawo. Yathuyo inali timu yodziwika ndi kuluza. Anzanga ochapa nawo ankaseka kuti ife Januwale timamuyambira kunyumba. Ndipo nyengo ikatha, aliyense amene wagwira ntchito mpaka pamapeto ankalandira bonasi yokwanira tikiti ya ndege.

Amayi anamwalira pakati pa Disembala. Mwa Chisilamu anaikidwa tsiku lomwelo, ine ndili pakati pa makina ochapira. Amalume, Che Twaibu, anandiimbira atachoka kumanda.

"Maliro mwaphonya, palibe mlandu, n'kutali. Koma arobaini musaphonye."

Arobaini ndi sadaka ya tsiku la makumi anayi. Akuluakulu kwathu amati mpamene womwalira amatsanzikana ndi pakhomo pake. Ndinaona kuti ikugwera chakumapeto kwa Januwale, mtima unakhala pansi. Timu yathu iluza monga mwa masiku onse, ndilandira bonasi, ndikwera ndege.

Basi timu ija inayamba kuwina. Inawina masewero onse otsala, n'kulowa m'chipulula koyamba patapita zaka zambiri. Mzinda wonse unapenga, mbendera pagalimoto, nyimbo m'masitolo. Ine ndekha ndinkayala mkeka wanga wa swala kuseri kwa makina n'kumapempha Mulungu kuti anyamata aja agonje. Ndinkawapindira majezi bwinobwino kwinaku ndikuwafunira tsoka. Ndinakadandaula kwa abwana oyang'anira zovala. Anandipepesa ndi mtima wonse, kenako anati ndikachoka nyengo isanathe ndiye kuti ndasiya ntchito, za bonasi ndiiwale. Popanda bonasiyo, ngakhale theka la tikiti ndinalibe.

Masewero oyamba a chipulula tinawina. Achiwiri anagwera tsiku loti mawa lake ndi arobaini. Ndinali nditadziwa kale kuti zanga zada. Ndinaima m'mbali mwa bwalo ndi mulu wa matawulo, chisanu chikulowa m'mafupa. Nthawi itatsala pang'ono kutha, mnyamata wathu anamenya mpira n'kuudutsitsa pakati pa mitengo iwiri ya golo. Tawinanso. Chimunthu china cha mu timu, cholemera ngati matumba atatu a chimanga, chinandinyamula n'kundikweza paphewa chikuvina. Ndinakuwa kuti chinditsitse, manja ali m'mwamba kuopa kugwa. Kamera ya kanema inali pomwepo.

Msuweni wathu wina wa ku Joni anaona kavidiyoko pa intaneti, n'kukaponya pa gulu la watsapu la banja, akuti kunyadira m'bale wake. Kanafika kumudzi m'mawa, azimayi akuphika mpunga wa sadaka ya amayi.

Sabata yotsatira timu inagonja mochititsa manyazi. Anzanga analira. Ine ndinalandira bonasi yanga.

Ndinafika mu Febuluwale, mvula ili pakati, Shire atadzaza pa Liwonde. Pa Ntaja ndinakwera kabaza. Pakhomo palibe amene anathamanga kudzandilandira chikwama. Asiyatu anandipatsa moni wa mlendo, atagwada patali. Amalume anandikhazika pakhonde, n'kutulutsa foni kundionetsa kavidiyo kaja. Ndinadziona ndili paphewa la munthu, kukamwa kuli yasa, manja m'mwamba. Inenso ndikanakhala wina ndikanati munthuyu ali pa chisangalalo.

Ndinafotokoza zonse, za bonasi, za abwana, za mapemphero anga kuseri kwa makina. Amalume anamvetsera mpaka pamapeto.

"Tamva," anatero.

Ndinawauza kuti ndigula mbuzi ndi mpunga, tichite sadaka ina.

"Gulani, anthu adya, ino ndi miyezi ya njala. Koma amene mukufuna kutsanzikana nayeyo anapita kale."

Sadakayo tinachitadi. Anthu anabwera ambiri, ashehe anawerenga pemphero la duwa mwachidule poti mitambo inali itada. Titayamba kudya, anyamata anandizungulira kufunsa ngati azungu aja samathyoka makosi, ndiponso ngati kochi amalandira zingati. Foni ija inayenda dzanja ndi dzanja, anthu akuseka. Tsiku lonse sindinamve munthu akukamba za amayi. Kulira kwawo anali atamaliza kale, ine kulibe, ndipo kwanga kunalibe woti andithandize.

Anthu atabalalika ndinapeza Asiyatu kuseri akutsuka miphika. Ndinakhala pa mtondo pafupi naye, ndikuyembekeza kuti mwina andiuza mmene amayi anathera, kaya ananditchula. Anatsuka mphika wonse mpaka kuutsiriza, n'kuuvundikira pa thandala.

"Achimwene," anatero osandiyang'ana, "ndege yanu yobwerera ndi ya liti?"