Chilonda cha pa Katumba wa Achemwali

"Mwendo wa mayi wa ana anayi supsa wokha! Ndani amakukweza?"

Amenewo ndi alamu anga, ometa anthu, akukalipira achemwali pakhonde. Pa katumba wa achemwali panali chilonda chozungulira, ndipo aliyense woyenda m'tauni amachidziwa. Imawotcha choncho ndi paipi ya utsi ya njinga yamoto.

Ine ndimagulitsa malamba ndi masokosi pamsewu. Pakamwa panga sipatsekeka, ndipo wonyoza mlongo wanga amandimva mpaka kutsidya. Koma tsiku limenelo sindinawaikire kumbuyo, chifukwa nanenso ndinali ndi chikayiko. Achemwali akalambira pa shopu yochapa zovala, m'mawa simbi, madzulo simbi. Ndiye posachedwapa Loweruka lililonse ankati kwachuluka ntchito, n'kubwera ndi fumbi m'tsitsi, akuimba. Munthu wosita malaya a eni tsiku lonse amaimbiranji?

Mawa lake, Loweruka, ndinawatsatira, lamba wokhuthala ndili naye m'manja, woti ndikam'konzere mwamuna wowakweza panjingayo. Anadutsa shopu osayang'anako, anakhotera kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu, pabwalo lafumbi. Mwamuna kunalibe. Kunali mayi wina, makaniko wa njinga, akukuwa kuti buleki agwire pang'onopang'ono. Panjingapo panali achemwali okha, chisoti kumutu, buluku lakale la alamu atalipinda m'miyendo. Anagwa ine ndikuona. Anadzuka akuseka ngati kamtsikana, n'kukweranso.

Atandiona sanachite manyazi. Anati abisa chifukwa kunyumba akanangowauza kuti ukalamba wawasokoneza mutu.

"Achimwene, ndasita malaya a anthu apaulendo mpaka imvi," anatero. "Msewu umadutsa pawindo la shopu uja ndikufuna ndikaone kumene umathera, ndikuyendetsa ndekha."

Ndinathamangira kwa alamu kuti ndikawachotse nsanje. Ndinkati aseka, kapena agwa nkhope. Ayi ndithu. Anapitiriza kupukuta makina awo, n'kundifunsa mofatsa kuti bwalolo lili pati, nanga njingayo imagona kuti. Ine ndinawauza. Kufatsa kumeneko sindinakukonde. Munthu amene dzulo lake amagwedeza malata ndi mawu!

Loweruka lotsatira njinga inakana kulira. Makaniko atatsegula thanki anapezamo mchenga. Wauza achemwali kuti asapondekonso pabwalo lake mpaka wochita izi adziwike, poti iye sakonzera njinga mikangano ya m'mabanja.

Achemwali akuti mwina ndi ana osewera, ndipo ayamba kale kufunsa za wina wophunzitsa. Mtima wawo ndi umenewo, saona choipa mwa munthu. Ine ndimachiona. Ana amanyamula sipanala? Ana amadziwa kutseka thanki bwinobwino akamaliza?

Ndiye ndafika pa shopu yometera, katundu wanga ndasiyira mnzanga. Pampando pali bambo wometedwa mbali imodzi, ena atatu akudikira pabenchi, onse atembenuka.

"Alamu, zimitsani makinawo. Kumene njinga imagona ndinauza inu nokha. Mchenga uja unalowa bwanji m'thanki? Yankhani pano, anthuwa akumva."