Kapu ya Pampanda

Fungo la nsomba zouma m'sitolo ina kutsidya kwa nyanja kuno, ku Tottenham, landikumbutsa mayi wina wa mtundu wa Abatwa, anthu a m'madambo a mtsinje wa Kafue, amene ankatigulitsa nsomba ndili mwana. Akapempha madzi, amayi anga ankamutungira m'kapu yobenthuka imene inkakhala pampanda. Ine ndinkasirira, poganiza kuti mlendo wolemekezeka ndiye amakhala ndi kapu yakeyake. Tsiku lina ndinamweramo mayiyo ali pomwepo.

Amayi anandiwomba mbama. "Lavula msanga! Ukufuna kusanduka Mutwa?"

Mayi uja anangosenza dengu lake, osabweranso. Kenako tinamva kuti dambo la Abatwa lalandidwa, ndipo atakadandaula anauzidwa kuti m'malamulo mtundu wotero mulibe.

Malamulo sankawadziwa. Ife tinkawadziwa bwino, n'chifukwa chake kapu ija sinalowepo m'nyumba.