Nsupa ya pa Tsindwi la Apongozi

Inu owerenga, chimene ndinalakwa ine ena mukamva muyamba mwaseka, chifukwa ndinangojambula chithunzi pa foni n'kufunsa funso. Koma chithunzicho chinavula ulemu mayi wachikulire amene sanandilakwire kanthu, ndipo mayiyo ndi apongozi anga. Dzina langa ndi la mudzi sinditchula. Amene analipo tsikulo andizindikira okha.

Kwathu ndi ku Balaka, ntchito yanga ndi yokonza mafoni. Chibadwire ndine munthu wosaugwira mtima ndikaona chinthu chotseka. Wailesi ya bambo anga ndinaiphwasula ndili mwana kuti ndione anthu oyankhula m'katimo, ndipo mkwapulo umene ndinalandira sunandichiritse. Ndinkagwira ntchito pa Ulongwe, koma nditapeza mkazi kwa Kawinga, mbali ya ku Nayuchi, ndinanyamula benchi langa n'kukakhala chikamwini kumeneko.

Banja la mkazi wanga ndi la Chilomwe, lopemphera, ndipo mwambo amausunga. Mkamwini ndi apongozi aakazi amaopana. Mukakumana panjira wina amapatuka, moni mumapatsana chapatali maso ali kumbali, ndipo mawu alionse amadzera mwa mkazi wako. Ndinakhala zaka zingapo pamudzipo osayankhulana nawo maso ndi maso. Ankandikonda ndithu, chifukwa chinangwa choyamba kukumba chinkafika kwanga, koma chinkabwera m'manja mwa mwana wawo.

Ndili pa Ulongwe paja, kasitomala wina anandilowetsa m'gulu la pa foni la anthu okambirana za makolo. Koma ndiye munali zinthu! Ena anali anthu ophunzira bwino amene anasiya tchalitchi n'kumati abwerera kwa mizimu ya kwawo. Ankatumiza zithunzi akuthira nsembe ya ufa patsinde pa mtengo asanayambe geni, wina mpaka pakona ya chipinda cha lendi ku Joni. Munalinso asing'anga otsatsa mankhwala otsirikira nyumba ndi munda, ndiponso ongosuzumira ngati ine. Lamulungu ndinali ku Misa, Lolemba ndili pa gulu kuwerenga kusiyana kwa chithumwa cha mwana ndi cha wakuba. Sindinkafuna kuchita nawo zimenezi, ndinkangofuna kudziwa. Posakhalitsa ndinayamba kudziona ngati katswiri, chonsecho ndinali ndisanagwirepo ngakhale muzu umodzi.

Chaka china mvula itayandikira, mkazi wanga anandiuza kuti denga la amayi ake likudontha. Kufolera ndi ntchito ya mkamwini, choncho ndinakwera m'mawa, apongozi atapita kumunda kuti ndigwire momasuka. Ndikusasula udzu wakale pafupi ndi tsindwi, dzanja langa linagunda kanthu kolimba komangiriridwa ku phaso ndi luzi. Kanali kansupa kakuda ndi utsi, kokulungidwa m'kansalu kakale, kukamwa kwake kotsekedwa ndi chitsononkho ndi phula. Nditakagwedeza kanachita phokoso ngati muli mchenga.

Sindinagwidwe ndi mantha, koma ndi chimwemwe cha munthu amene wapeza chimene wakhala akungochiwerenga. Apongozi anga, otsogolera nyimbo pa gulu la amayi kutchalitchi, ali ndi nsupa! Ya chiyani? Yotsirikira nyumba? Ya zokolola? Kutsegula ndinaopa, chifukwa phula likanandiulula. Kuwafunsa eni ake mwambo sunkalola. Kufunsa mkazi wanga ndinachita manyazi, poopa kuti anena kuti ndimafufuza za m'nyumba mwa amayi ake. Ndiye ndinatulutsa foni, ndinajambula, ndinabwezera nsupa pamalo pake, ndipo ndili padenga pomwepo ndinatumiza ku gulu ndi mawu akuti, "Akuluakulu, ichi n'chiyani?"

Mayankho anagwa ngati matalala. Wina anati n'chotsirikira moto. Sing'anga wina anati ndi nsupa yokawa mbewu m'minda ya anthu ndipo iye akhoza kuisukulutsa. Wina anati zotere amazidyetsa magazi a ana. Mayi wina yekha analemba kuti chinthu cha m'nyumba amafunsa mwini nyumba, osati gulu. Ameneyo ndinamudumpha, chifukwa yankho lake linali losakoma kuwerenga.

Chimene sindinaone n'chakuti kumbuyo kwa nsupa, m'chithunzimo, munkaoneka bwalo lonse: mtengo wa mango wopindika, chitseko chobiriwira, ndi khoma la tchalitchi chapatali. Wina wa m'gulumo anali ndi m'bale kudera lathu. Sabata isanathe chithunzi chinali m'mafoni a pamsika, ndipo ena anabwera nacho pa benchi langa lomwe kudzandionetsa, osadziwa kuti wojambula ndine. Pamwamba pake panali patalembedwa kale kuti mfiti ya kwa Kawinga yapezeka.

Chinaipitsa zinthu n'chakuti pamudzipo panali patangochitika maliro a khanda la msuweni wa mkazi wanga. Kuchipatala ananena kuti anali malungo, koma mitima ya anthu inali ikufunabe woloza chala. Ine ndinangokhala chete, n'kumadzinamiza kuti nkhaniyo izizira yokha.

Tsiku lina masana kunabwera mneneri wa mpingo wina watsopano, gulu la anthu lili pambuyo pake likuimba. Apongozi anali pakhonde akusankha nandolo. Anyamata anakwera padenga lomwe ndinafolera ine, anang'amba udzu, n'kutsika ndi nsupa ija ataigwira ndi nsalu ngati mphika wotentha. Mkazi wanga ankalira, akukoka anthu malaya. Ine ndinaima pansi pa mango.

Apa ndinene zoona, inu owerenga, ngakhale zikundichititsa manyazi. Pamene mneneri ankakweza mwala kuti aswe nsupayo, ine sindinkaganiza za apongozi. Ndinasendera kutsogolo n'kutalikitsa khosi. Ndinkafuna ndione za m'kati.

Munatuluka dothi lofiira louma ndi timikanda toyera tochepa. Basi. Anthu anakhala ngati akhumudwa, mpaka mneneri anatapa dothilo n'kukuwa kuti ili ndi dothi la kumanda. Anatembenukira kwa apongozi kuti akane ngati angathe. Iwo anaimirira, nandolo n'kumwazika, ndipo anayankha mosabisa.

"Eya, ndi la kumanda. Ndi amayi anga amenewo."

Mawu oyambawo ndi amene anthu anamva. Otsatirawo anamira m'phokoso. Iwo anayesa kufotokoza, Chichewa chikusakanikirana ndi Chilomwe, koma panalibe womvera. Dothi, mikanda ndi zigoba za nsupa anaziponya pamoto, phulusa lake anakataya kumtsinje. Mwamwayi akuluakulu a pamudzi analetsa achinyamata kuwagwira thupi, apo ayi bwenzi ndikulemba nkhani ina.

Madzulo ake mkazi wanga anandifotokozera zimene ndikanazimva kalekale ndikanangofunsa. Apongozi anabwera kuno ali mtsikana, kuthawa nkhondo ku Mozambique. Amayi awo anadwala panjira n'kumwalira asanaoloke malire, ndipo anawaika mothamanga m'tchire, popanda mtanda kapena chizindikiro. Mtsikanayo anatapa dothi la pamandapo, anavula mikanda ya m'khosi mwa mayi ake, n'kuika m'kansupa kamene ankasungiramo mchere. Chaka chilichonse asanadzale ankakatsitsa, n'kuthira kaufa pambali pake, n'kuwauza amayi awo za pamudzi: amene wabadwa, amene wakwatiwa, mmene mvula yachitira. Akatha ankapita kutchalitchi kukaimba, ndipo sankaona kuti ziwirizi zikulimbana. Anali atauza ana awo kuti tsiku lawo likadzafika, kansupako kadzalowe nawo m'bokosi.

Kenaka mkazi wanga anandiyang'ana n'kufunsa kuti ndi ndani wina anakwerapo padengalo chaka chino. Sindinathe kunama. Sanakuwe, sanatukwane, anangotuluka kupita kwa amayi ake. M'mawa mwake anabwera kudzandiuza kuti ndikuitanidwa.

Ndinakhala pansi chapatali monga mwa mwambo, ndikudikira kuti mawu adzere mwa mkazi wanga. Koma apongozi anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso, koyamba chikwatirireni.

"Akamwini, iyayi, musaweramitse mutu. Mukanatuma mkazi wanuyu ndikanakuuzani zonse, ngakhale kukutsegulirani. Sichinali chobisa, ndinkangochisunga poti ana angaswe." Kenaka anawonjezera kuti, "Amayi anga ndinawasiya m'tchire ndili mwana, ndinalibe mphamvu. Pano ndawatayanso ndili ndi imvi."

Ndinalira pamaso pa apongozi ngati mwana. Ndinapepesa, ndipo iwo anati amva. Sananene kuti ndichoke pamudzi, ngakhale akanatero palibe akanawaletsa.

Ndinayesa kukonza. Ndinaimirira kutchalitchi n'kuulula kuti wojambula ndine, ndinafotokoza za dothilo, ndinayenda khomo ndi khomo. Ena anamvetsa, makamaka achikulire amene nawonso anasiya abale awo tsidya lija. Koma ambiri ankangoti, "Nanga si anavomera okha kuti ndi la kumanda?" Ku gulu la pa foni ndinalemba nkhani yonse. Amene anayankha anali ochepa, ndipo mmodzi anafunsa ngati mikanda ija inatsalako kuti agule. Ndinatulukamo tsiku lomwelo.

Lero apongozi alipo, koma nyimbo satsogoleranso. Pamjigo akafika, amayi amasuntha zidebe zawo. Ana a pamudzi amene ankadzaza pakhonde pawo nthawi ya mango tsopano amadutsa mothamanga.

Sindikukuuzani kuti muzithira nsembe kapena musamathire, zimenezo aliyense ndi mtima wake. Sindikunenanso kuti kufuna kudziwa n'kulakwa, chifukwa mpaka lero ndimafunabe kudziwa zambiri. Ndikuti mukaona chinthu chachilendo m'nyumba mwa munthu, mkanda, muzu, nsupa, kaya kambale ka ufa pakona, funsani mwini wake. Ngati mwambo kapena manyazi akukutsekani pakamwa, tumani munthu, ndipo ngati zonse zakanika, chisiyeni mmene mwachipezera. Anthu a m'foni sadziwa nyumbayo, ndipo mawu akuti mfiti akamatirira munthu wokalamba sachoka ndi kupepesa.

Mwezi wathawu mwana wanga wamkazi, amene wangoyamba sukulu, anakana chimanga chootcha chimene agogo ake anamupatsa. Nditamufunsa chifukwa chake, anandinong'oneza kuti anzake amuuza kuti chakudya cha agogo asamadye. Kenaka anandifunsa kuti, "Adadi, kodi anayambitsa ndani zoti agogo ndi mfiti?" Agogo akewo anali chapafupi, chimanga chikadali m'manja, ndipo anamva. Ndinamuuza kuti ndine.