Galimoto Yomwe Inatimanitsa Feteleza

Ndinatsimikiza zopita ku Joni tsiku lomwe venda wa ku Blantyre anagula manachesi a mtengo wathunthu pa ndalama yosakwana n'komwe nsapato za mwana. Ndinauza mkazi wanga Esinati kuti ndatopa kulimira anthu ena. Sananditsutse. Anandiperekeza mpaka pa malire a Mwanza, n'kubwerera kwathu kwa Nthache atabereka mwana wathu Tadala kumbuyo.

Ntchito ndinaipeza yothirira maluwa ndi kutsuka galimoto kwa bwana wina. Ndinkagona m'kachipinda ka malata, ndipo kusowa wocheza naye kunkandipweteka kuposa chisanu. Lamlungu lina, nditapukuta galimoto ija mpaka kunyezimira, ndinabwereka jekete, n'kutsamira chitseko makiyi ali m'manja, mnzanga n'kundijambula. Tonse tinkatero. Ndani angatumize kumudzi chithunzi atanyamula ndowa? Esinati analibe foni yoonetsa zithunzi, choncho ndinatumiza kwa alamu anga, munthu wosasunga mawu pakamwa. Posakhalitsa mudzi wonse unali utaiona galimoto yangayo.

Kenako kunagwa kolona. Bwana anatseka geti, nati ndidzabwere matenda akadzatha. Malire nawo anatsekedwa. Ndinayamba kudya kamodzi patsiku, ndipo zotumiza kumudzi zinatheratu. Nditamva kuti boma likuthandiza alimi ndi feteleza wotsika mtengo, mtima unakhala pansi. Ndinati ngakhale ine ndalephera, munda wokha udya.

"Feteleza uja mwalandira?" ndinamufunsa Esinati pa foni.

"Kuno tili bwino, bambo a Tadala. Inuyo muzivala masiki kumeneko."

Ndinalandira yankho lokhotalo chifukwa ndi lomwe ndinkafuna kumva.

Ndinabwerera pa basi ya anthu osowa pogwira, ndi chikwama chimodzi. Kumunda ndinapeza mapesi owonda ngati bango. Nkhokwe inali yopanda kanthu. Mitengo ya manachesi, yomwe apongozi anga anabzala, inali zitsa: Esinati anaiwotcha makala kuti agule ufa.

Amene anandiululira chifukwa chomwe sitinalandirire feteleza ndi mayi wina woyandikana nafe. Pamsonkhano wosankha mabanja olandira thandizolo, anthu atakhala motalikirana chifukwa cha matenda, dzina lathu litatchulidwa munthu wina anati, "Awa ayi, amuna awo ali ndi galimoto ku Joni." Anamufunsa Esinati ngati zinali zoona. Iye anavomera.

Ndinamupeza Esinati akusenda chinangwa kuseri kwa nyumba. Ndinali ndi manyazi, koma anatuluka ngati ukali.

"Mayi a Tadala, inu mumadziwa kuti galimoto ija si yanga."

"Ndinkadziwa."

"Ndiye munavomereranji?"

"Mumafuna ndiime pagulu ndinene kuti amuna anga ndi abodza? Tadala akanayenda bwanji pakati pa anzake?"

Ndinati mawa lomwe ndikauza anthu zoona, kuti chaka chino atiwerengere. Anaika mpeni pansi n'kundiyang'ana.

"Njala ndinaigonera, mitengo ya abambo anga ndinadula. Ulemu wokhawu ndi womwe ndatsala nawo. Musandilande."

Ndinapita kutali kuti mkazi wanga asamavutike, koma ndinamusiyira katundu woti asenze yekha, ndipo zimandiwawa mpaka lero. Feteleza timagula wa pambale kumsika wa pa Boma, pamtengo wa anthu olemera. Anthu akandifunsa kuti galimoto ifika liti, ndimayang'ana Esinati, n'kuyankha kuti mapepala ake akuvuta pa malire.