Ndinafuna Ubwana, Ndinataya Diso

Diso langa lakumanzere silionanso, ndipo sindinamizira mfiti kapena bwana aliyense. Ndinalitaya ndi dzanja langa lomwe, tsiku limene ndinasaina pepala osaliwerenga. Inu owerenga, makamaka amene mumadyera luso la manja ngati ine, tandimverani.

Ndine wowotcherera zitsulo, ndimakhala ku Nancholi. Kampani ina ya ku Ginnery Corner inapeza ntchito yomanga shedi yaikulu ku Limbe, ndipo inkafuna owotcherera kwa miyezi isanu ndi umodzi basi. Tsiku lotilemba, mayi wa mu ofesi anatiikira mapepala awiri patebulo. Loyamba linali la wantchito wa kampani: malipiro apamwezi odulidwa msonkho, kulowa m'mamawa, ovolosi, majombo ndi magalasi oteteza maso zochokera kwa iwo, ndipo ukavulala akuonera ndi iwo. Lachiwiri linali la munthu wodziimira payekha: amakulipira pa chitsulo chilichonse chimene wamaliza, ndalama yochulukirapo, osadula kanthu, koma zida uzigula wekha.

Mayiwo anati tikawerengere kunyumba. Ine kuwerenga? Nditangomva zoti sadula kanthu, mtima unali dyokodyoko. Komanso, kunena mosabisa, ndinkafuna kuti ku Nancholi azinditchula kuti a kontilakita. A Fernando, mdala amene timapemphera tchalitchi chimodzi, anasankha loyamba lija. Ndinawaseka: "Akulu, mpaka liti kuitanidwa ndi belu ngati ana asukulu?" Iwo anangoti, "Achimwene, thupi ndili nalo limodzi lomweli."

Miyezi iwiri yoyamba zinkayenda, sindikana. Koma taonani mmene pepala lija linkandidyera pang'onopang'ono. M'mawa uliwonse wosunga zida za kampani ankapereka magalasi ndi madisiki atsopano odulira zitsulo kwa amene maina awo anali m'kaundula. Langa munalibe. Ndinkagula ndekha, ndipo munthu wogula yekha maso amathamangira zotchipa. Magalasi anga anali adzuwa, a mumsika wa Limbe, aja amatchenera anyamata. Disiki ndinkaigwiritsa ntchito mpaka itatsala ngati bisiketi. Pofuna kumaliza zitsulo zambiri, ndinachotsanso chotchinga disiki pamakina odulira kuti ndizidula msanga. A Fernando anandichenjeza kangapo konse, ine n'kumawayankha kuti pano bwana ndine.

Lachinayi lina, cha m'ma teni, disiki inasweka. Chidutswa chinaboola galasi lija n'kulowa m'diso. Ndi a Fernando omwewo amene anandimanga kumaso ndi malaya awo n'kuthamanga nane kuchipatala.

Nditatuluka, ndinapita ku ofesi ndi mkazi wanga kukafunsa za chipukuta misozi. Mayi aja anatulutsa pepala langa n'kuloza ndi cholembera mzere umene ndinali ndisanauonepo: ngozi iliyonse ndi ya mwini ntchito, ndipo mwini ntchitoyo ndinali ine. Sanandikalipire ayi. Anachita kundimvera chisoni, ndipo zimenezo n'zimene zinandiwawa koposa. Tinakwera minibasi kubwerera ku Nancholi chimanjamanja.

Ndinalira, sindibisa. Koma ntchito sindinaisiye. Ndi diso limodzi dzanja linkaphonya malo owotcherera, mzere n'kumakhota ngati wa wophunzira. Ndinayambiranso pa zitsulo zotayidwa kuseri kwa nyumba, tsiku ndi tsiku, mpaka mzere unawongoka.

Inu owerenga, sindikunena kuti kudziimira pawekha n'koipa. Alipo amene akupita nako patali. Koma musanasaine, funsani: ndikavulala andione ndani? Zida agule ndani? Ngati yankho ndi inu nomwe, onetsetsani kuti mtengo wanuwo ukukwanira magalasi enieni ndi inshuwalansi. Ngati sukukwanira, valani ovolosi ya kampani, palibe chochititsa manyazi.

Mwezi watha kampani ina inandiitana pa ntchito ya miyezi itatu, ndipo anandiikiranso mapepala awiri. Ndinakhala nawo pabenchi ola lathunthu, kulondola ndi chala mzere ndi mzere, anthu akumbuyo akung'ung'udza kuti ndikuwachedwetsa. Ang'ung'udze! Diso latsala limodzi, ndipo ana anga atatu akudyera lomweli. Ndinasaina la wantchito, ndipo ndinakana kugwira chitsulo mpaka atandipatsa magalasi m'manja.