Chisanu chimene azakhali anasunga moto

Chitsulo chikatentha mopyola muyeso chimakhala ndi fungo lakelake, louma, lokanda kummero ngati poto woiwalika pamoto. Ine ndinalidziwa ndili ku pulayimale, chisanu chimene mlongo wanga Yamikani anabadwa. Tinkakhala ku Dennistoun, dera la mumzinda wa Glasgow, m'nyumba yapansi, mabanja ena ali pamwamba pathu. Pabalaza panali mbaula yachitsulo yakuda ya malasha, ndipo papaipi yopita kuchumuni bambo anamatapo kawotchi koyezera kutentha.

Kawotchiko anandiphunzitsa bwinobwino. Kamuvi kakagwera kumanzere, ndiye kuti moto wagona ndipo mwaye ukuunjikana m'chumuni. Kakakhala pakati, zonse zili bwino. Koma kakalowa pofiira, chitsulo chitha kung'aluka, mwaye uja n'kugwira moto, anzathu a pamwamba n'kupsera limodzi nafe.

Mayi anachira ndi opaleshoni, moti ngakhale ketulo sankaloledwa kunyamula. Ndiye kunabwera azakhali Nambewe kuchokera ku Ntcheu kudzatisungira nyumba. Iwowa ndi amene analera bambo makolo atamwalira, ndipo bambo, munthu wolamula anzake kuntchito, pamaso pa achemwali awo mawu ankawatsitsa. Popanda azakhali panyumba pathu pakanaima, zimenezo ngakhale ine ndinkaziona.

Vuto linali chisanu. Azakhali ankavala majuzi awiri ndi chitenje pamwamba, n'kumati khanda silikhala m'nyumba yozizira, kwathu m'chikuta moto suzima. Posakhalitsa anatulukira kuti akasiya kachitseko ka phulusa kotsekula, mphepo imalowa pansi moto n'kumabangula ngati aukupiza. Bambo akaona, ankangodutsa n'kukakankha ndi phazi ngati mwangozi, osanena kanthu. Ine zinkandinyansa kwabasi.

Tsiku lina ndikuchokera kusukulu, kunja kutayamba kale kuda, fungo lija linandichingamira ndisanalowe n'komwe. Pabalaza panali potentha ngati mu uvuni. Kamuvi kanali katapyola pofiira, pamwamba pa mbaula patayamba kufiira, ndipo matewera amene azakhali anayanika pampando pafupi anali atachita mawanga achikasu. Yamikani anali gone m'kabedi kake pomwepo, thukuta lili kamukamu, mayi akugona kuchipinda. Ndinakokera kabediko kutali, ndinachotsa matewera, ndinatseka kachitseko ndi nsalu yokhuthala, n'kuchepetsa mphepo mmene bambo anandisonyezera. Kenako ndinatembenukira azakhali ndi kuwakalipira m'Chingerezi chathu cha ku Glasgow, chothamanga chija.

Mawuwo sanawamve onse, koma mwano sufuna womasulira. Analowa kuchipinda, anatsitsa sutikesi yawo, n'kuyamba kupinda zitenje. Ankati sanawoloke nyanja kuti adzaphunzitsidwe moto ndi mwana wobadwa dzulo, iwo amene anayamba kusonkha moto bambo anga asanamere mano. Mayi anadzuka atagwira pamimba, kuwapepesa, koma ayi ndithu.

Bambo atafika anamvetsera mbali zonse, anayang'ana kawotchi kaja, anayang'ananso matewera. Ine ndinaima nganganga kudikira kuti andiyamikire. M'malo mwake anandiuza kuti ndigwade ndipepese azakhali m'Chichewa. Ndinagwada, misozi ya ukali ili mbwembwembwe. Ndiye bambo nawonso anagwada pambali panga.

"Achemwali, wolakwa ndine, sindinakuuzeni," anatero. "Mbaula iyi si ya kwathu, ine yemwe imandivuta. Kamuvi aka kakafika apa, nyumba yonse yapsa. Ine ndimachoka m'mawa, uyu ndi mwana. Ndani angatisungire moto ngati si inu?"

Azakhali anapempha magalasi awo, anawerama pa kawotchi, nafunsa kuti pakati penipeni ndi pati.

Kuyambira tsiku limenelo kamuvi sikanachokenso pakati. Azakhali ankathira malasha pang'onopang'ono, ankaola phulusa m'mawa uliwonse, matewera ankayanika kukhitchini, ndipo Yamikani ankamufunditsa mabulangete m'malo mokoleza moto. Azimayi a kutchalitchi akabwera kudzaona mwana, ankawafotokozera za kamuviko ngati anabadwa nako. Tsiku lina anakalipira bambo enieniwo chifukwa chothira malasha ochuluka, bambo n'kupepesa. Anakhala nafe mpaka mayi atalimba, masiku atayamba kutalika.

Ine chisanu chonsecho ndinkawaona bambo ngati munthu wamantha, ndipo ndinawasungira mkwiyo. Pa za motowo sindinalakwe, zimenezo ndimanenabe mpaka lero. Koma ine ndinatseka kachitseko tsiku limodzi lokha, n'kutsala pang'ono kuwathamangitsira mayi munthu wowasamala. Bambo anagwada kamodzi, ndipo mbaula ija inapeza mlonda wa chisanu chonse.