Thunthu la Nthochi ndi Malaya Abuluu

Amuna anga anali khukhi. Kwa zaka zambiri ankaphikira mzungu wina wokalamba ndi mkazi wake ku Namiwawa, ine ndikusoka matumba pa fakitale ina ku Makata, ndipo tinkakhala m'nyumba ya lendi ku Nkolokosa ndi ana athu awiri. Tsiku lina munthu akubwera kuntchito mano onse pamtunda, ati abwana apuma pantchito, agulitsa zonse, agula ngalawa ya matanga ku Mozambiki. Akufuna azikakhala momwemo, kumazungulira zilumba za m'nyanja yamchere, ndipo akufuna khukhi wosaopa madzi.

Ndinati, "Anthu akuluakulu, a ndalama zawo, kusiya nyumba ya mpanda kukagona pamadzi ngati achule? Ndiye inunso mwavomera?"

Anangondiseka. Paja kwawo ndi ku Nsanje, anakulira m'bwato pa Shire, ndipo bambo awo anali ochokera tsidya lija la ku Mozambiki, kotero Chipwitikizi ankachiyankhulako. Ine ndine wa kumapiri ku Chiradzulu, madzi amene ndimawadziwa ndi a m'ndowa basi. Ndinakana, ndinalalata, ndinaleka kuwayankhula. Koma ntchito m'tauni muno sumangoitola panjira, ndipo ana anali pasukulu. Anapita.

Chaka choyamba zinayenda bwino, ndisaname. Akafika pachilumba chimene pali netiweki ankaimba, nthawi zina pa kanema, n'kumandionetsa zinthu zawozo. Khitchini yawo inali yaing'ono kuposa bafa yathu. Mbaula yake inali yolendewera, kuti ngalawa ikapendekeka poto asatayike. Makapu ankawakoloweka pa timisomali. Madzi akumwa anali ochita kuyeza, kusamba kwake kwa kapu imodzi, chonsecho azunguliridwa ndi madzi mbali zonse. Nsomba sankagula, ankangokoka chingwe kumbuyo ngalawa ikuyenda. Anandiuza za chilumba china chimene madzi ake ndi oyera moti nangula umamuona ali pansi pamchenga, ndi china chimene akazi amadzola ufa woyera kumaso. Ndinawauza kuti aziyang'ana mapoto awo, za nkhope za eni azisiye.

Atabwera patchuthi ndinapeza kuti ndalandira munthu wina. Ankayenda atatangadza miyendo ngati pansi pakugwedezeka. Patebulo ankayala nsalu yonyowa kuti mbale zisatsetsereke, m'nyumba ya simenti! Ndikatsegula mpopi kuti nditsuke mbale, iwo n'kudzatseka. Ndinati, "Bambo, kuno ndi ku Nkolokosa, mpopiwu ukatuluka madzi timachita kuuthokoza, musautseke." Pobwerera anasiya malaya awo abuluu kuseri kwa chitseko chifukwa batani linali litathothoka. Anati ndiwasokere adzavale ulendo wina. Ine amene ndimasoka tsiku lonse kuntchito, ndinangoti mawa, mawa, malaya aja n'kukhala pomwepo, osachapa, akununkhira mchere ndi thukuta lawo.

Anandichenjezanso tsiku lomwelo. "Mkazanga, mukaona zii musamadandaule. Pakati pa nyanja palibe netiweki. Mwezi ungathe osandimva." Ndinali nditazolowera. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

Kenako kunabwera namondwe uja. Wayilesi inayamba kunena kuti chimphepo chikuchokera kunyanja yamchere, chikulunjika ku Mozambiki. Anaimba masana ena ndili kuntchito, mawu akudukaduka. Ndinangomva kuti, "Tikunyamuka, tikuthawira kumpoto," basi foni n'kuduka. Patangopita masiku ochepa mvula inafika kuno. Inagwa osapuma mpaka mipanda ya anansi kugwa, matope kutsika m'mapiri n'kukwirira nyumba ndi anthu omwe. Ndinkayang'ana madzi akuthamanga mumsewu wathu n'kumadzifunsa kuti, ngati ali chonchi kuno kumapiri, nanga kumene achokerako kuli bwanji? Ndikaimba nambala yawo, ankayankha mayi wina wa m'makina m'Chipwitikizi. Mayi ameneyo sindikumudziwa koma ndinadana naye.

Ku Nsanje nako madzi anasefukira, nyumba ya apongozi anga aakazi n'kugwa. Alamu anga, achimwene awo aakulu a amuna anga, anawabweretsa kwathu kuti azikhala nafe. Atakhala pansi, atamwa tiyi, alamu aja anakhosomola n'kufunsa kuti mng'ono wawo anaimba liti komaliza. Nditawauza, anangoyang'anizana ndi amayi awo.

Anthu a kumtsinje ali ndi kawerengedwe kawo. Pa Shire, bwato likapanda kubwera patapita masiku angapo, sadikiranso. Amadziwa kuti ndi ng'ona, mvuu kapena madziwo. Ndipo munthu samusiya m'madzi. Amadula thunthu la nthochi, n'kuliveka chovala cha wosowayo chimene chili ndi thukuta lake, n'kuliika m'manda monga mwa maliro onse, kulira, kumeta. Akapanda kutero, ati mzimu umangoyendayenda uli wonyowa, n'kumavutitsa ana. Alamu anandifotokozera zonsezi mofatsa, kenako anati, "Ndiye mlamu, mutipatse malaya."

Abale inu, ndinalusa. "Malaya a ndani? Mwauona mtembo inu?"

"Wa bambo athu tinauona? Nawonso anapita ndi madzi."

"Shire si nyanja! Anandiuza okha kuti mwezi ungathe."

"Madzi ndi madzi, mlamu. Kuyandama kwake n'kumodzi, kumira kwakenso n'kumodzi."

Ndinawauza kuti m'nyumba mwanga simutuluka ngakhale sokosi. Ine sindinali wamasiye, ndipo palibe amene akanandisandutsa wamasiye ndi nthochi. Alamu anabwerera kumudzi atakwiya, ati mkazi wa kumapiri sadziwa madzi. Ankabweranso pafupipafupi, nkhani yake yomweyo.

Mwezi uja unatha. Wachiwiri unayamba. Zovala zawo zonse ndinaziika m'thumba limene ndinasoka ndekha n'kukazibisa kuntchito, pansi pa makina anga. Malaya abuluu ndinayamba kuwavala m'kati mwa yunifolomu, kutentha kusatentha. Ndikaweruka sindinkapita kunyumba. Ndinkatsika pa Ginnery Corner, kapena kupitirira mpaka ku Limbe kumene kumaima malole ochokera ku Beira ndi ku Nacala, n'kumaonetsa madalaivala chithunzi cha ngalawa pafoni. Misala ndithu. Wina anati, "Mayi, ife timayenda pa tala, za m'madzi tingazidziwe bwanji?" Wina anandimvera chisoni, komabe anandiuza zoona, kuti kudoko anaona mabwato atakwera m'mitengo. Ndinapita mpaka kunyumba ija ya ku Namiwawa, ndikudziwa bwinobwino kuti muli anthu ena. Mlonda anandiyankhira pa kabowo ka pageti kuti azungu amenewo sanawamveko. Ndinakhala pamwala kunja kwa geti n'kulira ngati mwana, anthu a magalimoto akundiyang'ana.

Kuntchito ndinayamba kusoka zokhotakhota. Singano ya makina inandiboola chala, ndipo kapitawo anandiuza kuti mutu ndiziubweretsa kuntchito pamodzi ndi manja. Kutchalitchi ankandipempherera, koma ndinkaona kuti amayi ena ayamba kundipatsa moni wa pamaliro, wogwira dzanja ndi manja awiri. Ndinkafuna kuwakalipira onse. Munthu wanga ali moyo, ndinkatero mumtima, ali moyo, akukazinga anyezi kwinakwake. Koma ndikati ndimuone m'maganizo akukazinga, ndinkangoona madzi.

Chimene chinandigonjetsa si alamu ayi. Alamu ndikanalimbana nawo mpaka lero. Anali apongozi. Iwo sanandikalipirepo ngakhale tsiku limodzi. Anangoleka kudya. Ankakhala pakhonde atayang'ana kumsewu, ukawapatsa chakudya n'kumangoti, "Ndadya kale, mwananga." Anaonda mpaka chitenje kumawazungulira kawiri. Ndinapita nawo kuchipatala, adokotala anati matenda palibe, koma akapanda kudya tiwataya. Ndinawanyengerera, ndinawagwadira, ndinawaopseza kuti ndiitana abusa. Zonsezo ayi.

Lamulungu lina titachoka kutchalitchi ndinakhala nawo pansi pakhondepo ndi mbale ya phala. Anandigwira pamkono, n'kukhudza kolala ya malaya abuluu imene inkaonekera pakhosi panga. Kani ankadziwa nthawi yonseyi.

Anati, "Mwananga, usaganize kuti ndikufuna afe. Ndinamubala ndine. Koma ngati ali m'madzi, akuzizidwa. Iwe ukumudikira uli pamtunda, uli ndi bulangete. Ine ndingadye bwanji mwana wanga akuzizidwa? Ndikadya ku maliro ake."

Ndinalowa m'nyumba. Ndikaumirira, ndiika m'manda munthu amene ndikumuona ndi maso, mayi wa amuna anga, ndipo amuna angawo akadzabwera ndidzawauza chiyani? Ndikapereka malaya, ndiye kuti ndawapha ndi manja anga. Ndinakalipira Mulungu, ndinakalipira mzungu ndi ngalawa yake yopusayo, ndinakalipira amuna anga amene anasiya bedi labwinobwino kukagona pamadzi. Nditatopa ndinavula malaya aja. Ndinatenga singano ndi ulusi n'kusokerera batani lija, chifukwa sindikanalola kuti apite ndi malaya opanda batani. Kenako ndinawapinda n'kukawaika pamiyendo pa apongozi.

Maliro tinakachitira kumudzi ku Nsanje, kukutentha, matope a chigumula asanaume bwino. Alamu anadula nthochi kuseri kwa nyumba yawo. Ndinaona ndi maso anga akuliveka thunthu lija malaya, akumanga mabatani mpaka la pakhosi. Popita ndinali nditalumbira kuti sindilira, chifukwa ndikudziwa kuti m'bokosimo muli nthochi. Koma ataponya dothi loyamba, ndinachita kugwidwa ndi amayi atatu. Ana anga analira bambo wawo. Kwaya inaimba. M'mawa mwake anandikhazika pamphasa n'kundimeta mpala, pamodzi ndi ana ndi abale onse. Apongozi anapempha phala, anadya mbale yonse, n'kupemphanso lina.

Tinabwerera ku Nkolokosa ndi apongozi, poti nyumba yawo inali isanamangidwe. Ndinayamba kuphunzira umasiye. Thumba la zovala lija ndinalichotsa pansi pa makina n'kubwera nalo kunyumba, osalimasula. Ku Limbe ndinaleka kupitako. Nambala ija ndinaleka kuimba. Ndinkangodzuka, kuvala duku lakuda, kupita ku Makata, kubwera.

Loweruka lina masana ndinali kuchapa kuseri kwa nyumba. Kunatentha, ndiye duku ndinali nditalivula n'kulikoloweka pachingwe. Foni inalira pawindo, nambala yachilendo, ya kanema. Ndinapukuta manja pachitenje n'kuyankha.

Nkhope yakuda bii, ndevu zosameta, mano onse pamtunda. Kumbuyo kwake madzi obiriwira ndi mitengo ya kokonati.

"Mkazanga! Mukundimva? Mukundiona?"

Ndinakhala pansi m'madzi a sopo. Iwo ali yakaliyakali kuyankhula, nkhani zikuphangirana. Ati chimphepo chinawapeza asanafike kumene ankathawira, mlongoti wa thanga unathyoka, wayilesi ndi mafoni zonse zinamwa madzi amchere. Anakabisala m'kamtsinje pakati pa mitengo yomera m'madzi, pa kachilumba kopanda netiweki, kopanda ngakhale golosale. Anthu a pamenepo ndi amene anawathandiza kulumikiza mlongoti. Ankadya nkhanu ndi kokonati mpaka kutopa nazo, kudikira kuti mphepo itembenuke. Angofika kumene pachilumba chachikulu cha ku Madagasika, ndipo foniyi abwereka kwa msodzi. Ankaseka, ati adona aja, akazi a abwana, tsopano amadziwa kusenda kokonati ndi chikwanje.

Kenako kuseka kunatha. Anayandikitsa nkhope pafoni.

"Mwameta? Mkazanga, wamwalira ndani?"

Ndinadzigwira pamutu.

"Ndi amama? Mayo ine, amama apita?"

"Amama ali moyo. Ali pakhonde, akusenda chinangwa."

"Ana?"

"Ana ali bwino."

"Nanga ndani?"

"Inuyo, bambo. Tinakuikani kumudzi, pafupi ndi abambo anu."

Sanafunse kuti mwaika bwanji popanda mtembo. Ndi mwana wa kumtsinje, nawonso anagwirako khasu pa maliro a nthochi. Ndinkamva madzi akumenya m'mbali mwa ngalawa, phwa, phwa. Anayankhula mawu atatsika, ngati akundipepesa m'malo mwa abale awo.

"Achimwene amenewo. Anakulandani zovala zanga, eti? Ndikudziwa inu simukanalola."

Ndinayang'ana chala changa chimene chinabooledwa ndi singano, ndinayang'ana duku lakuda pachingwe. Ndikanatha kungoti ee, n'kuwasenzetsa alamu mlandu. Kutsogolo kwa nyumba apongozi ankaitana mdzukulu wawo kuti abweretse mchere.

Ndinati, "Sanalande. Ndinapereka ndine, abuluu aja. Batani ndinasokerera."